Thabwa Lokana Nkhwangwa

Dzoole, chiphona chowaza nkhuni pamsika, anafika pashedi ya kalipentala Nangozo nkhwangwa ili paphewa.

"Mayi, mthunzi uno ndaukonda. Mawa musamuke."

"Palibe vuto, achimwene," anatero Nangozo. "Paja amati inu chipika mumangomenya kamodzi. Ng'ambani kathabwa aka pakati, shedi ikhala yanu. Mukalephera, mundisiye."

Kathabwako kanali kopyapyala, kosafika ngakhale chala kunenepa. Dzoole anaseka mpaka kutsokomola, n'kuitana msika wonse kuti udzaonerere.

Khaa! Nkhwangwa inalowa, koma thabwa osang'ambika. Analitembenuza, khaa! Nkhwangwa inaboola n'kukanirira momwemo. Anakoka, anaponda, anazungulira nalo ngati akuvina, anthu akufa ndi phwete.

"Mtengo wanji uwu wosadziwika kong'ambira?" anakuwa Dzoole, thukuta lili kamukamu.

"Ndi pulayiwudi ameneyo, achimwene, timatabwa tomatidwa mopingasana. Kena kakafuna kung'ambika, kanzake kamakana."

Dzoole ananyamuka mwamanyazi, thabwa lili lende kunkhwangwa.

"Pitani nalo ndithu!" anakuwa Nangozo. "Ndi chitseko cha kabati ya akazi anu chimenecho. Mukawafotokozere nokha!"