Thukuta la Khofi

Ana inu, mwambi wa nkhono mumangoutafuna ngati nzimbe, koma nditati ndikufunseni kumene udachokera mungoyang'anana. Khalani phee ndikuuzeni. Amene ali ndi changu atuluke, chifukwa nkhaniyi ndi changu siziyendera limodzi.

Kale, kumapiri a ku Ntchisi, kudali mkulu wina, a Chidzanja, amene adali ndi mitengo ya khofi kuseri kwa nyumba. Pabanjapo khofi ankamukazinga m'phale wongokwana tsikulo, n'kusinja pompo. Mwana wawo Zefaniya adakatenga mkazi kutsidya kwa mtsinje, Nachisale, ndipo awiriwo adabereka kamtsikana, Mwaiwawo.

Chaka china, nyengo ya dzinja, a Chidzanja adadwala.

"Chilichonse chikungomveka ngati madzi m'kamwa muno," adatero kwa Nachisale. "Apongozi, khofiyu muzimupsereza ade bii, mwina ndingamumve."

Nachisale adachita zomwezo. Poona kuti ntchito yakumunda yamuchulukira, adakazinga wambiri kamodzi natsekera m'chitini.

Patapita masiku matenda adakula. A Nankhoma, akazi a mkuluyo, adatsegula chitini chija. Njere zonse zidali nyezinyezi ndi mafuta. Adagwira imodzi, chala chidaterera. Kumeneko aliyense ankadziwa chinthu chimene chimadzozedwa mafuta n'kubisidwa: nsupa ya mfiti, yonona ndi mafuta a nsatsi.

"A Nachisale, mafuta awa wathira ndani?"

"Sindidathire kanthu, amayi. Ndidatsekera zili zouma."

"Ndiye khofi amatuluka thukuta ngati munthu? Inu mukufuna kundiphera mwamuna."

Mawu amenewo adayenda msanga. Dzuwa lisanapendeke, pabwalo padadzaza anthu. Palibe ankayankhula mokweza, ndipo chimenecho n'chimene chinkaopsa kwambiri. Azimayi amene ankatunga madzi ndi Nachisale adakokera ana awo kumbuyo. Bambo wina adaima pafupi ndi denga laudzu la nyumba ya Nachisale, akugwedeza bokosi la machesi.

Nachisale adagwada, mwana ali kumsana.

"Ndapota nanu, amayi, kazingani wina inu nomwe, mumusunge nokha, tidikire tione."

Palibe adamumvera. Zefaniya adangonong'ona kuti, "Dzuka, pita kwanu asanakuphe."

"Nanga mwana?"

A Nankhoma adamukwatula kumsanako. "Mwana wa pakhomo pano sayenda ndi mfiti."

Nachisale adatsika phiri yekha, kulira kwa Mwaiwawo kukumutsata mpaka kumtsinje. Ine Zefaniya ameneyu amandipsetsa mtima mpaka lero. Mwamuna wanji wosowa ngakhale liwu limodzi lomuikira kumbuyo mkazi wake?

Tsono ntchito yonse idagwera a Nankhoma: munda, wodwala, ndi mwana wolira amake. Nawonso adatopa n'kukazinga tsiku ndi tsiku. Adakazinga wambiri, wakuda bii monga ankafunira odwala aja, nathira m'chitini, natsekera m'bokosi la zovala zawo, kiyi namumanga m'khosi. Njere zidalowa zili zouma gwa.

M'mawa wina adatsegula bokosilo Zefaniya ali pomwepo. Njere zonse nyezinyezi.

A Nankhoma adakhala pansi. "Wagwira kiyi wanga ndani?"

"Palibe, amayi. Kiyi sachoka m'khosi mwanu."

Panja pankamveka mawu a azimayi opita kuchitsime. A Nankhoma adavundikira chitini ndi nsalu. Ankawadziwa bwino anthu a m'mudzimo, poti adali atawaona ataima pabwalo lawo.

"Tseka chitseko, mwana wanga. Akangoona izi andiotcha. Ine si mfiti, ukundidziwa."

"Nayenso adatero, amayi."

Mayiwo adalira mosatulutsa mawu, chifukwa tsopano adazindikira. Khofi ali ndi mafuta ake m'kati ngati mtedza. Ukamupsereza kwambiri n'kumusunga, mafutawo amatulukira kunja pang'onopang'ono. Ndiye mankhwala onse adali amenewo. A Chidzanja nawo adadzachira, poti adali malungo chabe.

Zefaniya adabereka mwana nawoloka mtsinje. Malume ake a Nachisale adamulandira pakhonde, namvetsera zonse osamudula mawu. Kenaka adatola nkhono pa udzu wonyowa naiika patsogolo pake.

"Akamwini, tandionetsani maso ake."

Zefaniya adaitokosa ndi kamtengo, nkhono idalowa m'chigoba. Adaitembenuza, idalowereratu.

"Isiyeni," adatero malumewo.

Adadikira nthawi yaitali, mpaka Zefaniya adatuluka thukuta. Kenaka nkhono idasuzumira, tinyanga tidatambasuka, timaso tili kunsonga.

"Mwaona? Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwana wathu adakupemphani kudikira, inu mudatokosa."

Nachisale adatuluka m'nyumba. Sadamuyang'ane mwamuna wake kumaso. Adamasula mwana kumsana kwa Zefaniya, nalowa naye, natseka chitseko. Zefaniya adawoloka mtsinje yekha, nsalu yoberekera ili m'manja, ndipo Nachisale sadapondenso m'mudzi muja.

Kuyambira pamenepo anthu amati, "Kuona maso a nkhono n'kudekha." Akutanthauza kuti chinthu chimene sukuchimvetsa usachithamangire ndi mantha kapena ndi ukali. Khala pansi, ufunse, uyese, udikire, chidzadziulula chokha. Ndipo mnzako akati tidikire tione, umumvere, chifukwa khofi wopserera ukhoza kukazinga wina, koma munthu amene wamutcha mfiti pagulu sabwerera chifukwa choti wapepesa.