Mchira wa Njiri ndi Mfuti ya Chalendewa

Senderani kuno ana inu, ndipo wina akayamba kuodzera mnzake amtsine. Padangokhala, kale lomwe nyama zisadaleke kucheza ndi anthu, dambo lina lotchedwa Chisenjere. Chaka china dzuwa lidakwiya. Tchire lidapsa, mitsinje idasanduka mchenga, ndipo nyenje zokha ndizo zinkaimba. Koma pakati pa dambolo padali kasupe wosaphwa. Mozungulira kasupeyo mudali msipu wobiriwira, waung'ono ngati dimba la munthu mmodzi, ndipo kunja kwake kudazinga senjere wamtali yemwe moto udamulambalala.

Pamsipupo pankadya Mbawala, Mphoyo, Nkhanga ndi ana ake, komanso Njiri. Mbawala akabudula udzu kamodzi, mutu m'mwamba, kuunguza uku ndi uku. Akaona choopsa ankauwa ngati galu, onse phazi thandize. Mphoyo akanunkhiza chachilendo ankaliza mluzu, onse phazi thandize. Nkhanga naye, diso lake silinkaphonya ngakhale mthunzi, ndipo pakamwa pake mumapadziwa.

Tsono Njiri, kadyedwe kake nkamanyazi. Khosi ndi lalifupi, ndiye amachita kugwada, mphuno m'dothi, matako kumwamba. Akatero sadzutsanso mutu. Kuyang'anira anzake sankayang'anira, koma kudandaula ndiye adali katswiri.

"Kodi pano tidzadyapo mwamtendere liti?" ankatero. "Ndikati ndilume kamuzu konona, uyu wauwa, tithawe. Ndikati ndigwadenso, uyu waliza mluzu, tithawe. Msipu ndi wochepa kale, pakamwa ndiye mbwee. Ine ndidzanenepa chaka chiti?"

"Idyani, achimwene," Mbawala ankayankha mofatsa. "Kuthawa ndi njala kuposa kugona mumphika uli wokhuta."

Njiri ankangoti fwee ndi mphuno, mumtima akuwerengera udzu umene ukulowa m'kamwa mwa anzake.

M'mawa wina Njiri adatuluka m'dambo kukakanda msana pachulu. Potembenuka adangoona munthu ataima, mfuti paphewa. Munthuyo adali mlenje, dzina lake Chalendewa, mkamwini wa m'mudzi wa kutsidya. Mfuti yake idali ya gogodela, ija yothira onga kukamwa. Njiri kuthawa kudamkanika.

"Usanjenjemere, bwanawe," adatero Chalendewa. "Mfutiyi ilibe kanthu. Ndipo ngakhale ikadakhala yodzaza, iwe sindikadakuwombera. Sing'anga amene adanditemera mphini za ulenje adandiletsa nyama ya njiri. Ndikangoilawa, dzanja langa lafa."

"Simudya njiri?"

"Ngakhale msuzi wake."

Mtima wa Njiri udakhala pansi. Adayamba kucheza naye ngati adadziwana kale. "Nanga bwanji mukuyenda ndi mfuti yopanda kanthu, aChalendewa?"

Mlenje adakhala pamwala nausa moyo. "Mfuti iyi sindithira ndisadaone nyama. Tsono kuthira kwake nkwa chidodo. Uthire onga, utsindire kansanza, uike chipolopolo, utsindirenso. Pamene ndikumaliza, Mbawala wauwa kale, dambo lonse lili mbee. Senjereyunso amanditseka m'maso. Kunyumba mkazi wanga Nangondo waleka ndi kundifunsa komwe. Akandiona amangotenga lichero kukathyola chisoso."

Apa dyera lidamunong'oneza Njiri, ndipo Njiri adamvera.

"Onani mchira wangawu," adatero. Adauimika njo, kangayaye kakunsonga kakuoneka pamwamba pa udzu. "Inu muzibisala kuseri kwa chulu chino. Mukaona mchira uli njo, muzithira mfuti yanu mosathamanga. Pamene ndaima ine, nyama ili pomwepo, ndipo ndiichedwetsa ndi macheza."

"Nanga iwe ndizikupatsa chiyani?"

"Palibe. Ine ndingofuna kudya mopanda phokoso."

Chalendewa adati, "Chabwino."

Kutacha, Njiri adapita kwa Mbawala. "Achimwene, cha kuchulu uko ndapezako udzu wanthete, wosapondedwa. Ndati ndisadye ndekha." Adatsogola akuthamanga pang'onopang'ono, mchira uli njo, akuimba:

Mchira njo, mchira njo,
Wa maso aone,
Ine ndikunka kokadya.

Mbawala adaseka. "Lero mwadzuka bwino, mpaka nyimbo!"

Atafika, Njiri adayamba nkhani. Adafunsa za nyanga, kuti zimapotana bwanji chonchi. Adafunsa za mawanga a m'nthiti, kuti adatengera kwa mayi kapena kwa bambo. Mbawala, poti aliyense amakonda kufunsidwa za kukongola kwake, adaiwala kuunguza. Kuseri kwa chulu Chalendewa adathira onga, adatsindira, adaika chipolopolo, adatsindiranso. Phuu! Mbawala adagwa asadamalize kufotokoza za amayi ake.

Pamaliro Njiri ndiye adalira kuposa onse. Misozi ili chuchuchu, koma m'kamwa muli udzu.

Padapita masiku. Mphoyo adaonda ndi mantha. Poti Mbawala palibe, ntchito yoyang'anira idamchulukira, ndipo akabudula kamodzi ankaima nthawi yaitali makutu ali tcheru.

"Chimene chikundizunguza mutu," adatero Mphoyo tsiku lina, "n'chakuti mlenje uja adadziwa bwanji pamene padaima Mbawala, senjere yense uyu?"

"Alenje ndi amankhwala," adayankha Njiri. "Koma taonani m'mene mwatheramu, nthiti kuchita kuwerengeka. Lero idyani inu, ndiyang'anire ine."

Mphoyo adadabwa. "Inu, aNjiri? Kuyang'anira?"

"Imfa ya mnzathu yandiphunzitsa."

Mawu amenewa adamukhudza Mphoyo mpaka m'maso mudalengeza misozi. Ine mpaka lero ndikafika apa chifundo chimandigwira, chifukwa Mphoyo sadafe ndi kupusa ayi, adafa ndi kukhulupirira mnansi. Adamtsata Njiri cha kuchulu, Njiri ali patsogolo ndi kanyimbo kake:

Mchira njo, mchira njo,
Wa maso aone,
Ine ndikunka kokadya.

Mphoyo adaweramitsa mutu, nadya mosacheuka koyamba chiyambire chilimwe. Phuu! Madzulo ake kwa Nangondo kudanunkhira, ndipo Chalendewa adayamba kupatsidwa moni ndi anthu amene kale ankamudutsa.

Koma tsiku limenelo Nkhanga adali atakwera mumtengo wa mthethe, ndipo adaona zonse: mchira pamwamba pa senjere, munthu kuseri kwa chulu akutsindira mfuti mosatekeseka ngati akusinja mtedza. Adatsika nakamupeza Njiri atagwada kale.

"ANjiri, mchira wanuwo mumaimikira yani?"

"Mchira ndi wanga. Ndikafuna ndiimika, ndikafuna ndigoneka."

"Ndakuonani."

"Mwaona chiyani, amake ana? Inu maso anu amaona zambiri, nchifukwa chake mutu udakuchitani dazi."

Nkhanga sadapse mtima. Adaitana ana ake, nawaika patsogolo. "Ife tikupita kuphiri. Kumeneko kulibe msipu, tizikapalasa m'miyala. Msipu wonsewu ndi wanu tsopano. Koma paja amati chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe."

"Ine sandidya," adatero Njiri, kukamwa kuli dothi. "Muyende bwino. Phokoso lanulo mulitengere komweko."

Basi, dambo lidatsala la Njiri yekha. Adadya kum'mawa kwa kasupe, adadya kumadzulo kwa kasupe. Akatopa ankagona m'matope, akadzuka ankagwadanso. Padalibe womuuza kuti thawa. Adanenepa mpaka khungu kuchita kung'azima, mimba kukhudza pansi, ndipo polowa kuuna kwake ankachita kudzikankha.

Tsiku lina dzuwa litapendeka, kamphepo kakuomba bwino, Njiri adadzuka m'matope mtima uli mbee. Adati athamangeko pang'ono kunka tsidya lina la msipu, kumene kudaphuka tiudzu tatsopano. Poti chizolowezi sichipempha chilolezo, miyendo itangoyamba kuthamanga, mchira nawo udaima wokha, ndipo kanyimbo kadatuluka kokha m'kamwa:

Mchira njo, mchira njo,
Wa maso aone,
Ine ndikunka kokadya.

Adafika, adagwada, mphuno m'dothi.

"Wadya bwanji, bwanawe?"

Njiri adadzidzimuka. Chalendewa adali ataima kumbuyo kwake, pafupi poti akadatha kumugwira mchira. Chibadwire, padalibe munthu amene adamufikapo pafupi chotero iye osadziwa.

"Aa, aChalendewa! Mwafika nthawi yanji? Sindidakumveni."

"Ndafika kalekale. Ndaima pano mpaka mwendo kuchita dzanzi. Nyama ili kuti?"

"Nyama iti?"

"Mchira udali njo."

Njiri adacheuka kuyang'ana mchira wake, naseka kuseka kopanda mano. "Iii, kamchira aka! Kangozolowera basi. Lero kulibe kanthu, pepani. Kapumeni."

Chalendewa sadaseke. Adakhala pansi, mfuti naigoneka pamiyendo, nayamba kuyankhula modekha ngati munthu wokamba za mvula.

"Apa pavuta, bwanawe. Ine ndathira kale. Mfuti iyi ikameza siibweza, imatulutsa polira basi. Tsono kwathu kuli lamulo la makolo: mfuti yodzaza silowa m'mudzi. M'mudzi muli ana, muli moto. Ndikalowa nayo chonchi, mawa andisonkhanira pabwalo."

"Si nkhani imeneyo," adatero Njiri msangamsanga. "Womberani chulu icho."

"Mfuti ikalawa dothi imazolowera dothi. Siidzaphanso nyama."

"Womberani kumwamba."

"Kulira kwa mfuti iyi kumamveka mpaka kumudzi. Nangondo akangomva atereka madzi pamoto, ana athamanga kudzandichingamira. Ndikawauze kuti ndawombera mitambo? Ine mkamwini, mudzi wa eni?"

Njiri adati, "Ndiye tiyeni tifune nyama ina. Siingasowe."

"Itana," adatero mlenje. "Ine sindikuthamangira kulikonse."

Njiri adakweza mutu, ntchito imene khosi lake silidaizolowere. Adayang'ana kum'mawa, udzu wokhawokha. Adayang'ana kumadzulo, udzu wokhawokha. Mantha atamusokoneza, adayamba kuitana maina amene adabwera pakamwa.

"AMbawala!"

Zii.

"AMphoyo!"

Zii.

"Amake ana! ANkhanga!"

Kudayankha nyenje zokha. Apo mpamene Njiri adalimva bwinobwino bata lija ankalifuna, ndipo silidamukomere.

Adatembenukira kwa mlenje. "Koma aChalendewa, paja inu simudya njiri. Mudanena nokha pachulu paja. Ngakhale msuzi wake."

"Ndidanena, ndipo sindidaname," adayankha Chalendewa akuimirira. "Ine sindilawa, ngakhale kunyambita chala. Koma apongozi anga amadya. Akhala akundifunsa kuti, kodi atate, kudamboko njiri zidatha?"

Njiri adati athawe. Koma maondo adali atauma ndi kugwada, mimba idalemera, una udali kutali. Adangoponya mapazi pang'ono, mchira uja nkuimanso njo wokha pamwamba pa udzu, kumusonyeza mlenje polozetsa.

Mfuti idalira kamodzi. M'dambo lonse la Chisenjere simudathawe kanthu, simudaulukenso ngakhale kambalame, chifukwa mudalibe wina wotsala woti adzidzimuke.

Nthano yanga yagona pamenepa, ana inu, ndipo phunziro lake nali: amene ukuti akukuthera chakudya ndi omwewo amakuyang'anira kumbuyo pamene iwe wawerama.