Paipi Yoloza ku Chilumba

Kumapeto kwa tauni, kumene anthu amadutsa atagwira mphuno, kunali madamu oyeretsera madzi a m'zimbudzi. Madziwo ankadutsa m'masefa ndi m'makina, ndipo akayera ankawatsegulira m'paipi yaikulu yothira m'nyanja ya mchere. Kapitawo wa pamalopo anakalambira pantchitoyo. Mwana wake wamkazi anakwatiwa kutsidya, pachilumba chooneka ndi maso, ndipo kumeneko kunali kamdzukulu kake kamodzi kokha, kamtsikana kongoyamba kumene kuyankhula.

Mvula itachuluka, makina anafa, madamu n'kudzaza mpaka m'milomo. Makaniko wa pamalopo anapempha kapitawo kuti auze akuluakulu a khonsolo kuti anthu a pachilumba achenjezedwe.

"Ukufuna atinene kuti ntchito yatikanika?" anatero kapitawo. "Tsegula paipi basi. Nyanja ndi yaikulu, imameza zonse."

"Koma bwana, madzi akukokera kuchilumba. Azimayi amatola nkhono m'mphepete muja."

"Anayamba liti anthu kufa ndi nkhono? Tsegula!"

Zonyansa zinatuluka zosasefa, zakuda bii. Kapitawoyu sanali chitsiru ayi, ankadziwa bwino chimene wachita. N'chifukwa chake anazembera kuseri kwa damu n'kuimbira foni mwana wake.

"Mwanangu, masiku ano musadye za m'nyanja, ndipo mwanayo asasambe kugombe. Koma usauze munthu, wamva? Angandichotse ntchito."

Mwana wamkaziyo anamvera bambo ake. Anatseka pakamwa, mtima ukumupweteka poona anzake akutsikira kugombe ndi mabeseni. Koma pachilumba mwana sakhala wa nyumba imodzi. Tsiku lina mayi ake ali kochapa, kamtsikana kaja kanalowa m'nyumba yoyandikana nayo n'kupeza anthu akudya. Mayi wa m'nyumbamo, monga ankachitira masiku onse, anakasambitsa m'manja n'kukapatulira nkhono m'kambale. Akanadziwa bwanji? Palibe anamuuza.

Ana ambiri anatsegula m'mimba sabata imeneyo. Okulirapo anachira. Kamdzukulu ka kapitawo kanafooka msanga, maso kulowa m'kati, ndipo kanatsirizikira m'boti, chipatala chikuonekera patali.

Pamaliro, mayi woyandikana uja anadzigwetsa pamapazi a kapitawo, akulira mosweka mtima.

"Ndikhululukireni, bambo! Ndine ndinamudyetsa. Ndapha mwana ndi manja angawa!"

Kapitawo anawerama kuti amudzutse. Mwana wake wamkazi uja anamuyang'ana ndi maso ouma gwa.

"Auzeni, bambo. Mukuwasiya asenze mlandu wanu? Ine ndinakhala chete chifukwa cha inu, lero ndikuika mwana wanga m'manda. Auzeni!"

Kapitawo anaulula pomwepo, pamaso pa anamfedwa ndi anthu onse a pachilumba. Palibe anamutukwana, palibe anamumenya. Anangomupatukira njira, iye n'kutsikira yekha kuboti.

Ntchito imene ankaiteteza ija inatha ndithu, koma zimenezo sizinamupweteke. Chimene chikumudya mpaka lero n'chakuti mwana wake sanapondenso pakhomo pake. N'zomvetsa chisoni, pakuti bamboyu ankakonda mdzukulu wake ndi mtima wonse. Kungoti ankayesa kuti tsoka angalitumize kwa ana a eni, lake khomo atatseka. Akuluakulu sananame: choipa chitsata mwini.