Nkhuku Yofiira Kunja

M'nyumba ina munali chiwaya chachitsulo, chakuda ndi cholemera ngati mwala, chomwe bambo a m'nyumbamo ankachilemekeza kuposa akazi awo. Kukhitchini ankalowako mwa apo ndi apo, koma akalowa aliyense ankasanduka mbuli. Lamulo lawo linali lakuti chiwayacho chisalawe madzi kapena sopo. Akaphikira ankangochipukuta ndi nyuzipepala n'kuchikankhira pansi pa sinki, mafuta ali noninoni.

Mayi ankadziwa kuti chitsulo amatsuka, kuumitsa pamoto, n'kupaka timafuta kuti chisachite dzimbiri. Ananena mpaka malovu kuuma m'kamwa.

Mwana wawo wamkazi, yemwe nsapato zinamuthera posaka ntchito, anaitanidwa kuti akayesedwe pakampani ina. Litatsala tsiku limodzi, bambo anati amukazingira nkhuku ndi manja awo. Anasonkheza moto wonse, ndipo posakhalitsa nthuli zinali psuu, kununkhira mpaka kumsewu.

"Bambo a mwana, tachekani ntchafu imodzi tione pafupa," anatero mayi.

"Ndiwononge nkhuku yokongola chonchi? Maso mulibe?"

"Chitsulochi chimafiiritsa khungu m'kati musanapse. Komanso mbale mukuikamoyo ndi yomwe munali nkhuku yaiwisi ija."

"Inu mayi, tandichokereni apa. Nsanje basi."

Mayi anatuluka mtima ukuwira. Patebulo bambo anapatsa mwanayo ntchafu zonse ziwiri, iwo n'kutenga mapiko. Mtsikanayo, posafuna kukhumudwitsa bambo ake, anadya ntchafu zonsezo. Pochotsa mbale, mayi anaona magazi pafupa.

Kutacha mwanayo sanathe ngakhale kuima. Kusanza, kutsegula m'mimba, thupi lili juu, zovala zosita zikumudikira pampando. Nthawi yoti akayesedwe inamupeza atagona kuchipatala, diripi ili pamkono. Ntchito anatenga wina.

"Mwina ndi madzi akumwawa," bambo anang'ung'udza pakhomo la wodi.

"Madzi?" anatero mayi mwaukali. "Madzi omwe tamwa tonsewa? Munakana kucheka kanthuli kamodzi poopa kuti nkhuku yanu inyansa. Lowani mukamuone mwana wanu mmene wakongolera. Mukamuuze nokha kuti ntchito yake mwaikazinga ndinu."

Bambo sanalowe msanga. Anaima pomwepo atazyolika. Zoonadi, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.