Kalata ya Mwandida ndi Maluwa a kwa Dokotala

Ana inu, mwambi suphuka ngati bowa. Umayamba ndi munthu amene zinamuonekera. Uwu unayamba ndi Mwandida, mwana wa Nangozo, mayi wamasiye wogulitsa zitumbuwa pamsika wina m'boma la Ntcheu.

Mwandida ankafuna udokotala. Mayeso a Folomu 4 anachita kubwereza kangapo, kufikira atakhoza bwino. Podikira zotsatira ankathandiza pachipatala cha mishoni, kukweza ana pasikelo ndi kutonthoza olira jakisoni. Dokotala Kamtedza, amene ankayang'anira chipatalacho, anamuyamikirapo kuti ali ndi manja ofatsa. Kenako dokotalayo anasamukira ku Dedza.

Sukulu ya udokotala imene Mwandida analembera inafuna kalata yomuchitira umboni, yochokera kwa dokotala amene anamuonapo akugwira ntchito. Dokotalayo anayenera kuitumiza yekha kusukuluko mwezi usanathe. Sukuluyo inalinso ndi malire a zaka, ndipo Mwandida anali atafika pamalirepo. Chikanadutsa chaka chimenecho, khomo likanatsekeka mpaka kalekale.

Iye anafuna kupita yekha ku Dedza, koma amayi ake anakana. Anati mwana wamkazi sagogoda pakhomo pa munthu wamkulu ngati alibe eni ake. Nkhani yaikulu imayenda ndi amalume. Choncho anaitana mlongo wawo, a Chibweya, nkhoswe yotchuka m'dera lonselo, imene inali isanabwezedwepo pakhomo pa munthu.

A Chibweya anavala jekete, ananyamula tambala, ulendo. Anabwera madzulo nkhope ili ngwee. Anasimba za tiyi wamkaka ndi mipando yawofuwofu. Koma chimene chinawatenga mtima chinali maluwa a pabwalo, ofiira ndi achikasu, ena oyanga pakhoma ngati maungu. Anadandaula kuti malo onsewo akanakhala awo akanadzalapo mpiru.

"Nanga za kalata anati chiyani, amalume?" anafunsa Mwandida.

"Iwe, tambala analandira kapena sanalandire? Munthu akalandira nkhuku ndiye kuti mawu alowa. Ukufuna undiphunzitse unkhoswe lero?"

Amayi ake anamutsina kuti akhale chete. Koma mtima wa Mwandida sunakhale pansi. Ankakanda ufa wa zitumbuwa maganizo ali ku Dedza. Nthawi zonse akayambitsa nkhaniyo, amayi ake ankati kupitako yekha n'kunyoza amalume ake pamaso pa anthu. Amalumewo akafunsidwa ankabwerera kumaluwa komwe kuja.

Mwezi unatha. Ndiye kunabwera uthenga wochokera kusukulu kuja wakuti dzina lake lachotsedwa, chifukwa kalata ya umboni sinafike.

Apa Mwandida sanapemphenso chilolezo kwa munthu. Anakwera minibasi ya m'mawa. Ku Dedza anapeza Dokotala Kamtedza ali pakhonde, ndipo dokotalayo atangomuona anamuzindikira.

"Ndiwe wa kusikelo uja! Bwanji sunabwere, mwanawe?"

Dokotalayo anafotokoza kuti anali atagwira ntchito ndi atsikana ambiri, ndipo dzina lokha silinamukumbutse nkhope. Iye sakanachitira umboni munthu amene sakumukumbuka. Anawauza a Chibweya momveka kuti mtsikanayo abwere yekha sabata yomweyo, acheze naye pang'ono, kalata ilembedwe tsiku lomwelo. Tambala uja anamukana, koma amalumewo anamusiya kukhitchini potuluka.

Mwandida anagwada, napempha dokotalayo kuti alembe ngakhale mochedwa. Dokotala anaimba foni kusukuluko iye ali pomwepo. Anachonderera, anatchula manja ofatsa aja, koma a kusukuluko anamuyankha kuti malo onse aperekedwa kale. Atafunsa za chaka chamawa, anamufunsa zaka za mtsikanayo. Atazitchula, nkhani inathera pomwepo.

Madzulo Mwandida anapita kwa amalume ake. Sanalalate. Anangowafunsa ngati dokotala ananenadi kuti iye apite yekha.

A Chibweya sanakane. Anati anamva bwinobwino, koma anaona kuti mawu amenewo sanali oyenera kubwera nawo kumudzi. Anthu akanati nkhoswe yabwezedwa, banja lalephera kuyankhulira mwana wake. Iwo ankakhulupirira kuti dokotala, poona tambala, alemba basi.

"Ndimakusungira ulemu, mwananga," anatero.

"Ulemuwo mwausunga, amalume. Ine ndiudya?"

Nangozo analira kuposa mwana wake, koma misozi sinatsekule khomo. Mwandida anabwerera pamsika. Anakalambira pachiwaya cha zitumbuwa, manja ofatsa aja atadzaza zipsera za mafuta. Amayi odwazika ana akamadutsa kupita kuchipatala, iye ankayang'ana kumbali.

Anthu a pamsikapo ankaidziwa nkhaniyi. Wina akafuna kutuma mnzake pa nkhani yofunika, ankamuchenjeza kuti, "Kandimverere anakanena za m'maluwa." Mawuwa anafala mpaka anakhala mwambi.

Tanthauzo lake ndi ili. Munthu amene mwamutuma amapita ndi makutu ake, manyazi ake ndi zokonda zake. Amabwera ndi zimene zamukomera iyeyo, n'kusiya panjira mawu amene moyo wanu wagonapo. Sachita kukhala mdani ayi, a Chibweya ankamukonda Mwandida. Kutuma n'kwabwino pogula mchere. Koma nkhani ikakhala ya tsogolo lanu, nyamukani, mukamve ndi makutu anu.