Nkhope ya Dongo

Panali mphunzitsi wina pa sukulu ya kumtunda, munthu wakhama ndi wokonda dongosolo. Ankaphunzitsa Sitandade 3, ndipo mwa maphunziro onse ankanyadira la zaluso. Sankamenya ana, sankajombanso. Koma akanena kuti lero tiumba ng'ombe, ankafuna ng'ombe basi: nyanga ziwiri, linunda, miyendo yofanana. Mwana akaumba bwino, ng'ombe yake inkaikidwa pazenera kuti iume. Akalakwitsa, dongo lake linkaponyedwa mu ndowa ya madzi imene inkakhala pakona, kuti lifewe ligwirenso ntchito, pakuti dongo labwino linkachokera kutali, kudambo.

Chaka china madzi anasefukira kuchigwa. Otsala anabalalika kupita kwa abale awo, ndipo ana ena anafika pa sukuluyo teremu ili pakati. Mmodzi mwa iwo anali mtsikana wotchedwa Elube, amene ankasungidwa ndi azakhali ake. Mphunzitsi uja anamulandira bwino, anamusonyeza pokhala kumbuyo kwa kalasi, ndipo sanamufunse china chilichonse. Ana anali ochuluka, ndipo iye ankati sangathe kudziwa nkhani ya aliyense.

Elube sankayankhula kwambiri. Nthawi yopuma anzake akamasewera fulaye, iye ankangotsamira khoma. Koma tsiku limene anagwira dongo, manja ake anadzuka. Anzake akuumba ng'ombe, iye anaumba mutu wa munthu wamkazi, waukulu ngati chibakera. Mphunzitsi anamukumbutsa kuti lero ndi ng'ombe. Mwanayo anagwedeza mutu, koma sanasiye.

Mlungu wotsatira ana ankaumba miphika. Elube anatulutsa mutu womwe uja, umene anaubisa kuseri kwa kabati ataukulunga m'kansanza konyowa. Anatenga kaudzu n'kuyamba kulemba mapindo a duku, kampata pakati pa mano, kachipsera pamwamba pa diso. Ankafufuta ndi chala n'kuyambiranso. Mphunzitsi anaona kuti mwanayo ali ndi luso loposa anzake onse, ndipo zimenezi n'zimene zinamupsetsa mtima kwambiri. Anati mumtima mwake, mwana waluso koma wosamva.

Kenako kunabwera uthenga wakuti alendo a ku ofesi ya maphunziro adzabwera kudzaona ntchito za ana. Mphunzitsi anafuna kuti mazenera onse adzaze ng'ombe ndi miphika, koma dongo linali litachepa. Akuyendera ana, anapeza Elube ataweramira mutu uja. Anatambasula dzanja. Mwanayo anaugwira ndi manja awiri.

"Aphunzitsi, sanaume," anatero.

Sanati sunaume, ngati akunena chinthu. Anati sanaume, monga timanenera munthu wamkulu. Mphunzitsi sanamve kusiyana kwake.

"Dongo ili ndi la sukulu," anayankha. "Tanena ng'ombe."

Anaulanda mosakalipa, anapita pakona, n'kuuponya mu ndowa.

Elube sanalire. Anadzuka, anakagwada pambali pa ndowayo, n'kumayang'ana. Madzi anayamba kuda. Duku linasungunuka, mphuno inaphwa, pakamwa panatsekeka. Ana ena anaseka, kenako anasiya okha. Iye sanapise dzanja m'madzimo. Anayang'anabe mpaka pansi pa ndowa panangotsala chibuma chopanda maso. Mphunzitsi atamuuza kuti akakhale pansi, anakakhala.

Alendo anabwera, anayamikira ng'ombe za pazenera, anamugwira chanza mphunzitsi. Elube kunalibe tsikulo. Masiku otsatira sanabwerenso.

Popeza anali munthu wakhama, mphunzitsi uja anapita kukafunsa chifukwa chimene mwanayo ankajombera. Anapeza azakhali ake akusenda nandolo pakhonde. Mayiyo anamupatsa mpando, ndipo anafotokoza mosakweza mawu. Anati madzi atafika m'mudzi mwawo, amayi a Elube anamukweza mumtengo n'kumumangirira kunthambi ndi chitenje. Iwo anabwerera kukatenga khanda, ndipo madzi anawatenga, Elube akuona. Thupi lawo silinapezeke. Kunalibe manda oti akalirepo, kunalibe chithunzi, zonse zinapita ndi madzi. Anati mwanayo anawauza kuti akuumba amayi ake kusukulu, ndipo akadzauma adzabwera nawo kuti azikhala m'nyumba. Mwanayo ankawafunsa kuti chipsera chija chinali pa diso liti, koma iwo, pokhala mlongo wa bambo ake ndiponso wokhala kutali, sankakumbukira. Anati chichokere kusukulu tsiku lija, mwanayo sakudya bwino, ndipo kumjigo sakufunako.

Mphunzitsi anaimirira. Anatsanzika n'kumapita.

M'mawa mwake anapita yekha kudambo. Anakumba dongo labwino koposa, anachotsa timiyala, analikanda mpaka linasalala, n'kulinyamula kupita nalo kwa azakhali aja. Anapeza Elube atakhala kuseri kwa nyumba. Munthu wamkuluyo anakhala pansi padothi pamaso pa mwana. Anapepesa. Anamuuza kuti dongolo ndi lake, aumbe chimene akufuna, ndipo palibe amene adzalikhudze.

Elube analilandira ndi manja awiri. Anaumba mutu, anausalaza, anatola kaudzu. Pamenepo dzanja linaima. Analemba maso, anafufuta. Analemba pakamwa, anafufutanso. Mphunzitsi anadikira, dzuwa linakwera, dongo linayamba kuchita ming'alu m'manja mwa mwanayo. Pomaliza Elube analiika pansi.

"Sakubwera," anatero. "Ndikatseka maso ndikungoona madzi."

Patapita nthawi Elube anabwerera kusukulu. Akauzidwa kuti aumbe ng'ombe, ankaumba ng'ombe, yolongosoka bwino, ndipo inkaikidwa pazenera. Akauzidwa mphika, ankaumba mphika. Sanaumbenso munthu. Mphunzitsi uja anapitiriza kuphunzitsa zaka zambiri, ndipo ana amene anadutsa m'manja mwake pambuyo pake ankamudziwa ngati munthu wofatsa ndi wofunsa. Koma kufatsa kwakeko kunapindulira ena. Kwa Elube kunabwera mochedwa.

Inu amene mukupita kukaima pamaso pa ana, musadzitonthoze kuti munthu uyu anali wankhanza ndipo inu simuli otero. Sanali wankhanza. Anachita zimene phunziro linkafuna, anasamala dongo la sukulu, ndipo akuluakulu anamuyamikira. Chimene chinamusowa ndi funso limodzi, lalifupi: ameneyu ndani? Mwana wamng'ono alibe mawu okwanira kunena zimene zamuchitikira. Mukamupatsa dongo, khala kapena pepala, adzanena ndi manja, ndipo mwina sadzanena zimene munalamula. Musanachotse kanthu m'manja mwake, khalani pansi mufunse. Mwina ndi masewera chabe, ndipo simudzataya kalikonse. Koma mwina wagwira chokhacho chimene wapulumuka nacho. Mukamulanda chimenecho, mudzapepesa ndi mtima wonse, iye adzakukhululukirani, koma simudzatha kumubwezera.