Nyali ya Galimoto Sakwecha

Panali munthu wina kumapiri a tiyi a ku Thyolo, amene mudzi wonse unkamutchula ndi dzina la mwana wake woyamba: bambo a Esinati. Unyamata wake wonse anauthera m'misewu. Anasenzapo matumba ku Beira, anagulitsapo nsapato ku Harare, anathirirapo maluwa m'nyumba za eni ake ku Joni. Pobwerera kumudzi sanabwere ndi malata kapena makina osokera. Anabwera ndi galimoto imodzi yokalamba, ndi miyendo yosadziwa kukhala pansi.

Galimotoyo ankaikonda. Loweruka lililonse ankaisambitsa, n'kuipukuta mpaka tambala ankabwera kudzamenyana ndi chithunzi chake pachitseko. Koma maso a galimotoyo anali ndi ng'ala. Nyali ziwiri zakutsogolo zinali zitachita mbuu. Mphira wotseka kumbuyo kwake unali utang'aluka kalekale, ndipo fumbi la m'misewu ya mayiko onse aja linkalowera pomwepo, mvula nayo n'kulowa, n'kuumira m'kati. Bamboyo anayesa kupukuta kunja ndi sopo. Anayesa mankhwala otsukira mano. Galasi linkasalala, koma kuwala ayi ndithu, pakuti litsiro linali m'kati. Iye ankangoti, "Aa, tidzaona. Ine ndimayenda masana."

Ndiye chiperoni chinagwa.

Inu amene simunakhaleko kumeneko, chiperoni ndi kamvula kowaza, kobwera ndi chifunga m'miyezi yozizira. Chikakhala paphiri sichifulumira kunyamuka. Masana amafanana ndi madzulo. Lole ya tiyi umaimva ikubangula pakhona, koma kuiona umaiona itafika kale pamphuno.

M'chiperoni momwemo foni inalira. Esinati wachira! Wachirira kuchipatala cha kuseri kwa phiri, mwana wamwamuna, mdzukulu woyamba. Bambo uja analumpha kuchoka pakhonde, navina m'matope wopanda nsapato, mkazi wake akuimba nthungululu pakhomo.

"Ababa, mukundimva?" anatero Esinati pafoni. "Akutitulutsa mawa m'mawa. Mubwere ndinu. Apongozi anga akuti tikwere njinga yamoto, koma ine mwana wanga sakwera kabaza m'chiperoni muno."

"Kabaza? Mdzukulu wa ine? Ndikubwera, mama. Uwauze anamwinowo atsegule geti lonse!"

Atatsitsa foni anayang'ana galimoto, nayo inamuyang'ana ndi maso ake a ng'ala. Msewu wa kuseri kwa phiri ndi wokhotakhota, mbali iyi khoma, mbali iyo phompho. Popanda nyali iye sakanaona m'mphepete mwa msewu, ndipo malole sakanamuona iye. Popita ndi moyo wake ndi wa mkazi wake basi. Pobwerera mudzakhala khanda.

Anatenga sipanala. Anatsegula boneti, namasula nyali zonse ziwiri, naziika pamphasa pakhonde ngati maungu awiri. Pomwepo anatulukira mlamu wake Muhala, mchimwene wa mkazi wake, atafunda bulangete mpaka kumutu.

"Alamu, mwaikolowola maso? Yalakwanji?"

"Tikuchita opaleshoni, alamu. Khalani apo muonere dokotala wa ku Joni."

"Eya, dokotala wothirira maluwa uja."

Anachotsa mababu nawakulunga m'nsalu. Kenako anasuzumira pabowo la nyali yoyamba. M'katimo muli chimbale chonyezimira, chimene chimasonkhanitsa kuwala kwa babu n'kukuponya kutsogolo. Chimbalecho chinali chitakutidwa ndi fumbi lotuwa.

Tsono kumudzi kuja, monga m'midzi yathu yonse, chinthu chimayera ndi kukwecha. Poto timakwecha ndi mchenga ndi phulusa. Mapazi timakwecha pamwala. Mwana akatuluka kosamba asanalire, amake amati sanayere, abwerere. Bambo a Esinati analeredwa choncho, ndipo mayiko onse anayenda aja sanamuphunzitse china. Anadula waya, namanga kansanza kunsonga kwake, nakanyowetsa, nakapaka phulusa la m'mbaula. Analowetsa pabowo paja n'kuyamba kukwecha, uku akuimba mluzu.

Atasolola, kansanza kanatuluka kotuwa.

"Taonani, alamu! Fumbi la ku Beira ili!"

Analowetsanso, nakwecha mwamphamvu. Kanatuluka kakuda.

"Ili ndi la ku Harare!"

"Limbikirani, alamu," anakuwa Muhala, bulangete likutsetsereka. "Joni asatsalire m'menemo!"

Analimbikira. Thukuta linamutuluka m'kuzizira konse kuja. Tsopano kansanza kanayamba kutuluka kakuthwanima ngati mamba a nsomba, ndipo amuna awiriwo anaseka, nawomba m'manja, nati litsiro la ku Joni ndi lodula, limachita kunyezimira.

Atakhutira anathira madzi, nakhuthula, nakweza nyaliyo m'mwamba kuti aione bwino.

Mluzu unazima.

M'kati munalibenso chonyezimira. Munali chimbale chakuda bii, chokandikakandika. Chimene ankayesa chitsulo cholimba ngati poto kanali kautoto chabe, kopyapyala kuposa khungu la anyezi, ndipo konseko kanali pakansanza. Iye sanakhulupirire. Anabwezera babu, nalumikiza nyaliyo kugalimoto, nayatsa. Babu linayaka bwinobwino. Koma kuwala kunangounjikana m'katimo ngati koloboyi m'chibekete. Ngakhale nthochi za pamaso pa nyumba sikunazifike.

"Alamu," anatero Muhala chapansipansi, "wodwala uja watisiya."

Bambo a Esinati sanaseke. Nyali za galimoto yokalamba chonchi munthu amachita kuzisakasaka ku Limbe, ndipo mwana akutuluka mawa m'mawa. Inatsala nyali imodzi. Anakhala pamphasa, waya ali m'manja. Mumtima ankati, "Kapena ndinakanikiza kwambiri. Kapena phulusa linachuluka. Iyi ndikwecha mofatsa." Dzanja linali litayamba kale kulunjika kunyali yachiwiri, pakuti njira ina yoyeretsera chinthu sankaidziwa.

Kumapeto kwa khonde mkazi wake ankalongedza katundu wa mayi wochira: zitenje, matewera, kabulangete. Za amunawo analibe nazo ntchito. Anatulutsa fulasiki imene inakhalitsa m'kabati, yoti akatengeremo phala la Esinati. Anathiramo madzi ofunda ndi kasopo pang'ono, natseka, nayamba kuigwedeza pang'onopang'ono. Anakhuthula. Anathiramo ena.

Muhala anatembenukira kwa mlongo wake.

"Achemwali, mwatopa kodi? Mapoto mumakwecha mpaka kubooka, koma fulasikiyo mukungoinyengerera."

"Inu munamva kuti kuti fulasiki amakwecha?" anayankha mayiyo osadzutsa mutu. "M'katimu ndi mosalimba. Fulasiki amatsukuluza."

"Ndiye imayera?"

"Imayera. Kungoti osapupuluma."

Bambo a Esinati anamva. Anayang'ana fulasiki. Anayang'ana nyali yakufa, ndi nyali yotsala, ndi waya m'dzanja lake. Kenako anaimirira, nazunguza wayayo m'mwamba, namuponya kutali kuseri kwa nthochi, kansanza ndi phulusa lomwe.

"Amake Esinati, tandibwerekani sopoyo!"

Anathamangira kumgolo wa pansi pa denga, umene unadzaza ndi madzi a chiperoni. A pamjigo anawasiya, chifukwa ankadziwa mmene amasiyira mawanga oyera m'matambula akauma. Anasakaniza ndi ofunda pang'ono a m'ketulo, nasungunulamo kasopo, nathira pabowo la nyali. Anatseka bowolo ndi chikhatho. Ndiye anayamba kuigwedeza, uku ndi uku, ngati munthu wogoneka khanda.

Manja ake ankayabwa. Anali manja osenza matumba, ozolowera kulimbana ndi chinthu mpaka chigonje. Koma anawaletsa. Madzi okha ndiwo ankayenda m'katimo, akunyambita ngodya zonse zimene waya sakanazifika.

Anakhuthula. Madzi anatuluka ofiira ngati katondo.

"Alamu! Alamu, taonani!"

"Musakondwe msanga," anatero Muhala. "Pajanso tinakondwa."

Bambo a Esinati anasuzumira pabowo. Chonyezimira chinalipo. Chinali chonse, ndipo chinayamba kumuonetsa diso lake lomwe. Anathiranso madzi, nagwedeza, nakhuthula. Anabwereza, nabwereza, mpaka madzi anatuluka oyera monga analowera, opanda ndi thovu lomwe. Chala sanalowetsemo. Nsalu sanalowetsemo.

Inatsala ntchito youmitsa, ndipo dzuwa kunalibe.

"Iikeni pambaula," anatero Muhala. "Iuma pompano."

"Ayi, alamu, ingasungunuke. Imodzi ndapha kale, maliro awiri sindingawathe."

Anaikhazika pampando wa pabalaza, patali ndithu ndi mbaula, pongofika kamfundizi, bowo likuyang'ana m'mwamba kuti chinyezi chizituluka. Ndiye anadikira. Kwa munthu amene sanakhazikikepo pamalo, kudikira kumeneku kunatalika kuposa ulendo wa ku Joni. Ankatuluka, ankalowa, ankasuzumira, mpaka mkazi wake anamuuza kuti, "Bambo inu, khalani pansi. Mukuiuzira ndi mpweya wanu, iuma bwanji?" Anakhala pansi.

Kutacha, chifunga chinali chikadali pakhomo. Nyali inali itauma, yopanda dontho. Mwamwayi inali ya kudzanja lamanja, mbali ya dalaivala, yoyang'ana pakati pa msewu. Anabwezera babu, natseka mphira wong'aluka uja ndi chidutswa cha chubu, namangirira nyali zonse ziwiri m'malo mwake. Analowa m'galimoto. Anapuma. Anayatsa.

Kuwala kunabowola chifunga ngati mkondo. Kunafika panthochi, kunapitirira, kunakagwira mbuzi ya aneba imene inkadya mpanda, nayo inadzidzimuka n'kuthawa.

"Yapenya!" anakuwa Muhala, naponya bulangete m'mwamba. "Achemwali, tulukani, wodwala wapenya!"

Bambo a Esinati analiza hutala mpaka agalu a mudzi wonse anayankha. Mkazi wake anakwera ndi fulasiki pamiyendo, ndipo ananyamuka.

Anayenda pang'onopang'ono, diso limodzi likupenya, lina likungofuka. Diso limodzilo linamuonetsa pamene phula lathera ndi pamene phompho layambira. M'makhona malole ankaona kuwala kukubwera, n'kupatukira mbali yawo. Dalaivala wina anatulutsa mutu nakuwa, "Madala, ndimayesa njinga yamoto!" Iye anayankha, "Ndi ambulansi ya mdzukulu, tapatukani!"

Pobwerera sanakuwe. Khanda linali kumbuyo m'manja mwa amake, litakulungidwa mpaka kungotsala kamphuno. Bamboyo anagwira chiwongolero ndi manja awiri, natsata kanjira ka kuwala kaja khona ndi khona, mpaka matayala anaponda bwalo la kwawo. Amayi a m'mudzi anali atasonkhana kale ndi nthungululu. Esinati potsika anaona kutsogolo kwa galimoto.

"Ababa, nanga diso linalo latani?"

"Ndinaliyeretsa, mama," anatero bambo ake. "Ndinaliyeretsa mpaka linatha."

Ndipo nyali imeneyo sinapenyenso. Babu ankasintha, linkayaka, koma chonyezimira chikachoka sichimeranso.

Tsono inu amene mukundimva, aliyense wa ife ali ndi wake amene akufuna kumuyeretsa. Wina ndi mwana wosamva, wina ndi mwamuna kapena mkazi wake, wina ndi m'bale wa mumpingo amene waterereka. Litsiro lilipodi, sindikukana, ndipo kulisiya momwemo n'kuyenda m'chifunga wopanda maso. Koma m'kati mwa munthu si poto. Chimene chimawala mwa iye, kulimba mtima kwake, kuseka kwake, kukhulupirira kwake kuti pakhomo pano amakondedwa, n'chopyapyala kwambiri. Tikamukwecha ndi mawu aphulusa, pamaso pa anthu, lero ndi mawa, timaona misozi ikutuluka, timaona wazolika, n'kumati tagwira ntchito. Thirani mawu ofunda. Gwedezani pang'ono. Bwerezani ngati pafunika, kenako khalani pansi mudikire. Ndipo musanaitane anzanu kudzaona zimene zatsalira pakansanza panu, muziyang'anitsitse kaye. Mwina si litsiro limenelo. Mwina ndi kuwala kwake.